Majakisoni a Edina

Zimitsani kanemayo. Limbani, foniyo uyiike patebulo, siithawa. Tadala, kweza miyendo pampandopo monga anakuuzira azamba ako, ndipo musandiyankhe m'Chingerezi mpaka nditamaliza. Lero woyankhula ndine, ndipo ndikufuna ndithe nkhaniyi bambo anu asanaweruke ku Solihull.

Dzulo, Tadala, unali pomwe wakhalapo, utakweza bulawuzi, ukudzibaya jakisoni wako wa tsiku ndi tsiku pambali pa mimba. Anakupatsa kuchipatala kuti magazi asaundane m'miyendo, popeza uli ndi pakati ndipo mayi ako anapita ndi vuto lomwelo. Unauza mlongo wakoyu mawu ena m'Chingerezi, poganiza kuti gogo wa ku Ntcheu samva. Ndimamva ine, kungoti lilime ndi limene limakana. Unati, "Ine sindidzadumpha ngakhale tsiku limodzi, sindifuna kuchita ngati amayi." Ndinadzuka n'kupita kukatsuka mbale zimene ndinali nditatsuka kale.

Sindikukudzudzula ayi. Munakula mukumva kuti Edina, mayi wanu, nesi wathunthu, anasiya yekha mankhwala atabereka Limbani, n'chifukwa chake anamwalira. Bambo anu akhala akukhulupirira zimenezo zaka makumi awiri, ndipo mumtima mwawo akadali okwiya ndi mkazi wawo amene ali m'manda. Si zoona zimenezo. Mwana wanga wasenza mlandu wosakhala wake, ndipo amene anamusenzetsa ndine.

Kuti mumvetse, ndiyambire kwathu. Inu mukandiona pano mumaona nkhalamba yokangana ndi makina ochapira, koma kumudzi kuja ndinali ndi dzina. Mayi akachira, ndiye kuti akabereka, Limbani, usandiyang'ane choncho, ankatuma mwana kudzaitana ine kuti ndikamuthowe. Ntchitoyo ndinaiphunzira kwa azakhali anga. Umatereka mphika waukulu pamafuwa, madzi awire mpaka nthunzi tolo, n'kuwathira m'beseni. Umaviika nsanza, kuifinya pang'ono, n'kumaidinda pamsana, m'chiuno, m'ntchafu mpaka kumapazi, m'mawa ndi madzulo. Mayiyo amalira, iwe osamumvera. Ukatha umam'manga pamimba ndi chitenje, kumupatsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kumugoneka. Amakhala m'chikuta, osatuluka kukagwira ntchito, kufikira mchombo wa mwana utagwa. Ndinathowa azimayi ambirimbiri, ena mwa ana awo pano ndi aphunzitsi, ndipo palibe amene anandifera m'manja. Ndinkanyada nazo, ndisaname.

Pali chinthu chimene ndinadzachizindikira mochedwa. Ife tinkati mayi wa m'chikuta sayenda, koma chimbudzi chinali kuseri kwa khola la mbuzi, bafa kwina, ndipo wofuna wosafuna ankayenda kangapo pa tsiku. Ankakhala pamphasa, kudzuka, kukhalanso. Kunalibe matiresi oti munthu n'kumiramo tsiku lonse ngati anu aja.

Chimene tinkaopa ife ndi magazi. Mng'ono wanga Nelesi, amene inu simunamuone, anabereka mwana wake woyamba nthawi ya dzinja, magazi osasiya kutuluka. Tinamukweza pangolo, ng'ombe ziwiri, msewu uli matope okhaokha, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Ine ndinali nditamugoneka pamiyendo panga. Zitenje zonse zimene tinatenga zinanyowa, ine n'kuvula mpango wa kumutu, nawonso unanyowa. Anatisiya tisanafike pamlatho. Kuyambira tsiku limenelo mdani wanga anali magazi otuluka. Kuti magazi amaphanso akaima malo amodzi, palibe amene anandiuzapo.

Edina anali mwana wanga wachitatu, wofatsa kuposa onse, ndipo nzeru za sukulu anatengera kwa malemu agogo anu aamuna, osati kwa ine. Anaphunzira unesi, nagwira ntchito ku Blantyre, kenako anabwera kuno nthawi ija manesi ankabwera ambiri. Bambo anu anatsatira ndi iwe Tadala uli wamng'ono. Atakhala ndi pakati pa Limbani anandiimbira foni kwa abusa, poti m'mudzi monse foni inali yomweyo. Anati, "Amayi, kuno kulibe wondiyang'anira. Bwerani mudzandithandize." Ndinalongedza ufa, nsinjiro, zitenje zitatu zatsopano ndi thawulo lalikulu lothowera. Iye ananditumizira masokosi aatali othina oti ndivale m'ndege, n'kundiuza kuti ndizidzuka kuyendayenda. Masokosiwo ndinawaika m'chikwama. Ndinati ine mayi wa chigwirizano nditsike ndege nditavala ngati wosewera mpira? Ndinakhala phee pampando kuchokera ku Lilongwe, osamwa ngakhale madzi poopa chimbudzi cha m'mwamba. Mulungu anangondisunga, ndipo kundisunga kumeneko kunandiwonjezera makani.

Nthawi imeneyo simunkakhala kuno ku Smethwick. Munali ku Small Heath, m'kanyumba kopapatiza kogundana ndi zinzake, masitepe ake otsetsereka ngati makwerero a nkhokwe. Kuzizira kwake ndinkagona ndi juzi. Koma ndinakukonda kumeneko, chifukwa m'mashopu a Asilamu aja ndinkapeza nyama ya mbuzi, therere, ngakhale chinangwa, ndipo ndinkagula ndi chala, kungoloza. Khomo loyandikana nafe kunali mayi wina wachipakisitani, wa msinkhu wanga. Dzina lake sindinalidziwe. Ndinkamuti Anti, iyenso ankanditi Anti, ndipo tinkacheza pampanda ndi manja okhaokha.

Iwe Limbani unakana kutuluka bwinobwino, makani ako anayambira m'mimba. Anachita kum'panga opaleshoni mayi ako. Atatuluka m'chipatala anabwera ndi iwe, ndi masokosi oyera ofika m'mawondo, ndi kabokosi ka majakisoni khumi, ndi kachitini kachikasu kotayiramo singano. Anandifotokozera bwinobwino, sindinganene kuti sanandiuze. Anati munthu akachitidwa opaleshoni, makamaka wobereka, magazi ake amachedwa kuyenda m'mitsempha ya m'miyendo ndipo amatha kuundana. Majakisoniwo ndi oti magazi asaundane, masokosiwo ndi oti azikankha magazi kubwerera kumtima, ndipo iye ayenera kumayendayenda m'nyumba ndi kumwa madzi ambiri. Ine ndinangoti, "Chabwino," koma mumtima ndinati tiona.

Masiku atatu ndinapirira. Tsiku lachitatu ndikumusambitsa ndinaona pamimba pake pali madontho akuda bii pomwe ankabaya. Ndinaonanso nsalu zake. Limbani, usayang'ane kumbali, ndi nkhani ya kubadwa kwako imeneyi. Mayi aliyense wobereka amataya magazi masiku angapo, ine ndinkadziwa, koma nditaona ofiira aja ndinaona Nelesi pangolo. Mutu wanga unaima.

Ndinati, "Edina, munthu ukutaya magazi chonchi, ndiye ukudzibayanso mankhwala osungunula magazi?"

Iye anati, "Amayi, amenewa ndi ochepa, ndi mmene zimakhalira. Mankhwalawa ndi oteteza. Ndine nesi ine, ndimawabaya anthu tsiku lililonse."

"Unesi wako uusiye kuwodi. Muno ndine mayi wako. Ndabereka asanu ndi mmodzi, ndathowa mudzi wonse. Unandiitanira chiyani ngati ukudziwa zonse? Ndigulire tikiti ndizipita."

Mawu amenewo a tikiti ndi amene anamugonjetsa. Analira, n'kutembenukira kukhoma. Mukudziwa inu ana a kuno, mumatsutsana ndi makolo anu patebulo ngati muli kukhoti, ndipo ine ndimang'ung'udza kuti mulibe mwambo. Koma Edina ndinamulera ndi mwambo wonse. Ndinamuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, ndi kusabweza mawu kwa wamkulu. Anaphunzira bwino zedi, ndipo n'zimene ndinagwiritsa ntchito pomugonjetsa.

Atagona tulo ndinatenga kabokosi kaja, mutatsala majakisoni asanu ndi awiri, n'kukabisa musutikesi yanga pansi pa zitenje. Masokosi aja ndinamuvula, ndinati akumufinya mitsempha. Atadzuka anafunsa kamodzi, "Amayi, kabokosi kaja kali kuti?" Ndinati, "Ndasunga." Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso otopa. Anali asakugona, bala likumupweteka, iwe ukulira kosalekeza. Anati, "Mawa mundipatse." Mawa lake ndinamuuza kuti mawa.

Ndipo ndinamusamalira, ana inu, musaganize kuti ndinamutaya. Ndinamusamalira mpaka kumupha. Sindinamulole kutsika masitepe. Chakudya ndinkamupititsira pabedi, mwana ndinkamupatsira m'manja, ngakhale kapu ya madzi sankadzitengera yekha. Akati aimirire ayende pang'ono, ine, "Gona, ufuna bala litseguke?" Bambo anu ankachoka m'mamawa kupita kufakitale ya magalimoto, ndipo akabwera ankapeza mkazi wawo ali nyezinyezi ndi mafuta, atadya, mwana ali woyera. Ankandithokoza ali pakhomo la kukhitchini, maso pansi, monga mkamwini amachitira ndi apongozi ake. Za m'chipinda cha wobereka sankafunsa, ndipo akanafunsa ndikanawaona ngati opanda ulemu.

Tsiku lina kunabwera mzamba woyendera m'makomo, mzungu wamfupi wa chikwama chachikulu. Anakuyeza iwe pasikelo, anaona bala la mayi ako, kenako anafunsa za majakisoni. Liwu limenelo ndinalimva, silisiyana kwenikweni ndi lathu. Ine ndinali nditaima pakhomo ndi beseni m'manja. Edina anandiyang'ana, n'kuyang'ana mzamba uja, n'kunena kuti inde, akubaya. Za masokosi anati achapidwa. Mzambayo analemba m'buku lake n'kumapita. Mwana wanga ananama kuti mayi ake asachite manyazi pamaso pa mlendo, ndipo ine ndinatsika masitepe ndikuona ngati ndapambana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi m'mawa anandiitana. Ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa bedi, ali ndi tepi yoyezera zovala, akuyeza katumba wa mwendo wamanzere, kenako wamanja, kenako wamanzere kachiwiri. Ngakhale ine ndinaona kuti wamanzerewo watupa, khungu lake lili nyezinyezi. Nditaugwira unali wotentha.

Anati, "Amayi, mundimvere bwino. Ndikuganiza kuti magazi aundana mumtsempha umu. Bambo a Tadala akaweruka masana andiperekeze kuchipatala, akaunike ndi makina. Akawapeza adzandipatsa mankhwala, ndidzachira. Koma mwendowu musaukhudze. Musauthowe, musausisite. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndinamufunsa kuti bwanji osaitana ambulansi, iye anati sakufuna kuvutitsa anzake chifukwa cha mwendo, maola ochepa okha atsala. Manesi ndi choncho, amadziika kumapeto kwa mzere. Anandiuzanso kuti ndibweretse kabokosi kaja. Ndinati ndibweretsa ndikamaliza kuchapa matewera, ndipo panthawiyo ndinkanenadi zoona.

Ndili kubafa ndinayamba kuganiza. Mwendo wotupa ine ndauona kangati? Wa mayi wobereka, wa mlimi wobinya, wa mwana wogwa mumtengo. Mankhwala ake ndi madzi otentha ndi zala, basi. Ndinati mwanayu sukulu yamupatsa mantha. Ndikauthowa pano, bambo a Tadala pobwera apeza waphwa, ndipo sipakhalanso zokwera galimoto ndi bala lamwazi pozizira ponsepa. Ndinatereka ketulo kawiri.

Ndinamupeza atagona tulo tofa nato, iwe uli pambali pake. Ndinavundukula bulangeti kumiyendo, n'kuika thawulo lotentha. Anabuula koma sanadzuke msanga. Ndinayamba kukanda ndi zala zazikuluzi, kuchokera kukakolo kukwera kubondo, mwamphamvu, monga anandiphunzitsira azakhali. Ndinamva pena pake polimba ngati chingwe, ndipo ndinalimbikira pomwepo. Anadzidzimuka n'kukoka mwendo.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Ndakuthowa. Uona, upepukidwa."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangogwira dzanja langa lonyowalo n'kunena kuti, "Mayo, amayi." Kenako anati ndimupatse foni ndi zovala, sadikiranso bambo anu.

Anavala yekha. Anatsika masitepe atatu, pachinayi anakhala pansi, dzanja lili pachifuwa. Ankapuma ngati munthu amene wathamangitsidwa, milomo ikuchita mbuu. Anaimba yekha nambala ya ambulansi, koma mawu ankaduka, sankatha kumaliza dzina la msewu. Ine Chingerezi ndilibe. Ndinatuluka wopanda nsapato n'kukamenya chitseko cha Anti. Iye atangoona nkhope yanga sanafunse kanthu, analowa, n'kulanda foniyo, n'kuwauza anthuwo pomwe tili. Iwe Tadala unali kusukulu. Iwe Limbani unatsala m'manja mwa Anti, ndipo ndi mayi ameneyo amene anakumwetsa botolo lako loyamba.

Kuchipatala anathamanga naye, sindingawanenere choipa anthu aja. Anamuika chopumira kumaso, anamulowetsa m'makina aakulu ojambula m'chifuwa. Kunali nesi wina wa ku Zambia, mnzake wa Edina wa kutchalitchi, amene anandikhazika pabenchi n'kumandimasulira. Anati magazi oundana aja achoka m'mwendo, ayenda ndi mtsempha kudutsa mumtima, ndipo akatseka njira ya m'mapapo. Anati akumupatsa mankhwala amphamvu oti awasungunule, koma n'ngoopsa kwa munthu amene ali ndi bala la opaleshoni. Ndinafunsa kuti achoka bwanji m'mwendomo. Anati, "Amachoka okha nthawi zina, amama." Ine ndinabisa manja m'chitenje.

Anandilola kulowa kanthawi bambo anu ali m'njira. Edina anali ndi mapaipi m'manja monse. Anasuntha chopumira chija pang'ono, ine n'kuweramira pafupi.

Anati, "Musawauze bambo a Tadala za majakisoni. Sadzakulolani kuona ana."

Ndinati, "Mwana wanga, ndikhululukire."

Anati, "Mumafuna kundithandiza." Nesi anabwezeretsa chopumira chija, ndipo sanayankhulenso nane. Anamwalira m'mawa mwake dzuwa litatuluka, bambo anu atamugwira dzanja, ine ndili pabenchi panja.

Patapita masiku, madokotala anafunsa mafunso awo, ndipo bambo anu anabwera kunyumba n'kukwera kuchipinda. Ndinawamva akutsegula madirowa. Anatsika ndi kachitini kachikasu kaja, akukagwedeza. Munali singano zitatu zokha. Anaima pabalaza, anthu a kutchalitchi ali tho m'nyumba, n'kunena mokweza, "Atatu okha. Munthu wophunzira, wodziwa zonse, kutisiya chifukwa cha ulesi wa kajakisoni?" Analira ngati mwana. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chili chotsegula, ndikusenda anyezi wa anthu olira maliro. Panali pomwepo poti ndituluke ndinene. Ndinapitiriza kusenda.

Ndinkadziuza kuti ndikusunga mawu a womwalira. Ndi bodza limenelo. Ndinkaopa. Ndinkaopa apolisi a dziko la eni, ndinkaopa maso a azimayi a kutchalitchi, ndinkaopa kuti kwathu adzandinena kuti Nangozo anapita ku Ulaya kukapha mwana wake. Mawu a Edina anangokhala pobisalira panga.

Ndinakwera ndege imodzi ndi bokosi lake, iye pansi ndi katundu, ine pamwamba, sutikesi ija ili ndi majakisoni ake asanu ndi awiri. Titaika maliro ndinawaponya m'chimbudzi chokumba. Kuyambira chaka chimenecho sindinathowenso munthu. Akabwera kudzandiitana ndinkati manja akundipweteka nyamakazi, mpaka anazolowera n'kumapita kwa ena. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anga aja anagonera zaka makumi awiri, ndipo sanakome.

Bambo anu ndi munthu, ndikuuzeni. Anakulerani ndi mlongo wawo, sanakusiyeni kuti muiwale kwanu, ndipo katatu konse anditumizira tikiti kuti ndidzakuoneni. Ulendo uliwonse amandilandira kubwalo la ndege atanyamula jekete loti ndivale. Amanditi amayi. Pakhoma apo pali zithunzi za aliyense, ngakhale cha galu wanu uja amene ankagona pasofa ngati bwana, koma cha Edina chili m'dirowa. Ndinafunsapo mlongo wawo chifukwa chake, ndipo anati akachiona amapsa mtima. Ine ndimadya nsomba zawo, kugona m'nyumba mwawo, ndikudziwa chimene chinaika chithunzicho m'dirowa.

Mwina ndikanafa nazo. Koma mwezi watha, Tadala, unaona kuti ndikaima kawiri popita kushopu ya pa Cape Hill, ndipo unandikakamiza kunena. Ndinakuuza kuti katumba amandikokana ndikayenda pang'ono, ndikaima amasiya, ndipo phazi lamanja limazizira ngakhale ndili pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba. Unandikokera kwa dokotala wa mitsempha ine ndikukana, makani ako ndi anga. Dokotalayo, mtsikana uja, anandipaka mafuta ozizira paphazi n'kuikapo kachipangizo kokhala ngati cholembera. Kumanzere kunamveka shwa, shwa, shwa, ngati munthu akupeta. Kumanja kunali kachete, kenako kamawu kakutali. Anandimanga chopimira magazi pamkono ndi pamwendo n'kuyerekeza. Anati mitsempha yopititsa magazi kuphazi yachepa njira, ngati paipi imene yadzaza dothi. Si matenda a Edina, ake anali a magazi obwerera, anga ndi a magazi opita. Anandipatsa mapiritsi, anati fodya wa mphuno ndisiye, ndiziyenda tsiku lililonse ngakhale kukupweteka, ndipo ndikaona bala paphazi ndisathowe, ndibwere msanga. Fodyayo ndasiya, Limbani, kabotolo kamene unakapeza m'jekete kanali kakale.

Ukukumbukira kuti unatuluka kukayankha foni? M'chipindamo munatsala namwino wina wachinyamata, mwana wa ku Kasungu, amene ankandimasulira. Ndinamufunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezi. Ndinati, mwanawe, munthu magazi ataundana m'mwendo, wina n'kuukanda mwamphamvu, chimachitika n'chiyani? Anati, "Agogo, timaletsa zimenezo, chifukwa amatha kusuntha n'kupita kumapapo. Koma amathanso kusuntha popanda womukhudza. Palibe angalumbire." Ndinati, nanga akanabaya majakisoni onse? Anandiyang'ana, n'kuona kuti sindikufunsa za m'buku. Anati, "Mwina sakanaundana n'komwe. Mwina akanaundanabe. Koma mwayi wake ukanakhala waukulu." Sananame kuti andisangalatse, ndipo ndinamuthokoza.

Choncho sindikudziwa ngati zala zangazi ndi zimene zinakankha magazi aja, ndipo sindidzadziwa. Zimene ndikudziwa n'zoti Edina sanasiye mankhwala. Anawapempha katatu. Anayeza mwendo wake yekha, anadziwa matenda ake, ananena choyenera kuchita, ndipo chilichonse chimene ananena chinali cholondola. Anali nesi wabwino mpaka pamasitepe paja. Cholakwa chake chinali kumvera mayi ake, ndipo ndinamuphunzitsa ndine.

Tadala, wandiitana kuti ndidzakusamalire ukachira, monga ndinachitira ndi mayi ako. Unanena choncho pafoni, ndipo ndinalephera kuyankha, unkaganiza kuti ndi netiweki. Ngati udzandifunabe pambuyo pa lero, ndidzaphika, ndidzachapa, ndidzabereka mwana kumsana kuti ugone. Koma ndidzakuyendetsa m'nyumba muno mpaka udzanditukwane, ndipo ndikadzakuuza chinthu chosiyana ndi chimene akuuza achipatala, udzandibweze mawu pamaso. Ngati sudzandifuna, usachite manyazi kunena. Ndi mayi ako amene ndinakulanda uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsopano iwe Limbani. Suli wokakamizidwa kunena kanthu. Sunamudziwe n'komwe, unakhala naye masiku khumi okha, ndipo masiku onsewo anakugoneka pachifuwa, ine ndikulimbana naye kuti akuzoloweza manja. Ukafuna kundida, undide, ndili ndi msana.

Lira, mwana wanga, koma miyendo isatsike pampandopo.

Imeneyo ndi galimoto ya bambo anu, ndaimva kulira kwake. Ayi, musapite kumwamba, ndipo musandinenere. Zaka zonsezi sindinawayang'anepo m'maso bambo amenewa, mwambo sulola, ndipo mwambowo wandibisa mokwanira. Ndikufuna amve kuchokera pakamwa panga kuti mkazi wawo sanawasiye dala. Akatha kumva, akanena kuti ndilongedze, ndilongedza.

Limbani, sendeza tebuloli. Undigwire mkono uwu unditsitse pansi pang'onopang'ono, mawondowa paokha sangathe. Ndikufuna andipeze nditagwada.